Nsomba Yodya Miyala

Bambo anga anagulitsa matemba kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atawakana, ndipo pachifukwa chimenechi ankadziwa motsimikiza kuti palibe nsomba pansi pano imene iwo sanaionepo. Ankapalasa njinga kuchokera kwathu ku Nkhulambe, kukankha pachitunda cha Fort Lister, kutsikira ku Phalombe mpaka kukafika kugombe la Chilwa, n'kubwerako ndi dengu lalitali kuposa iwo eni. M'dengumo munkakhala matemba, makumba ndi milamba yowamba. Malinga ndi bambo, Mulungu analenga nsomba zitatu zimenezi, anaona kuti zinali bwino, n'kupumula. Chambo ankachivomereza monyinyirika, monga timachitira ndi wachibale wa m'tauni amene amabwera kumaliro atavala magalasi akuda.

Ndiye panali amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwowa anawoloka malire ine ndili mtsikana, kutsata abale athu a ku Mozambique, ndipo atayendayenda anakapezeka ku Nacala akuphika pamalo ogona alendo m'mbali mwa nyanja yamchere. Alendowo anali azungu amene ankalipira kuti alowe pansi pa madzi kukaona nsomba. Kuona basi, osagwira ndi imodzi yomwe. Bambo atamva zimenezi anati munthu wolipira kuti aone ndiwo n'kuisiya pomwepo ndi wofunika mapemphero.

Amalume ankabwera kumudzi pa Khirisimasi. Ukawapatsa madzi ankati "obirigado" m'malo mwa zikomo, ndipo ankadandaula kuti mphepo ya kwathu ilibe mchere, ngati kuti anabadwira m'bwato. Kwathu ndi kuchikamwini. Mudzi ndi wa amayi, mwini mbumba ndi amalume, ndipo bambo, ngakhale anamanga nyumba ya njerwa, kubzala mango ndi kutibereka tonsefe pamenepo, anali mlendo amene wachedwa kutsanzika. Chaka chonse ankalira okha pabwalo ngati tambala. Khirisimasi ikafika atambala ankakhala awiri, koma mpando wa ndalema unali umodzi.

Nkhani ya nsombayi inayamba ine nditakwatiwa kale, ndili ndi mwana kumsana ndiponso makina anga osokera pakhonde la golosale kumsika. Tsikulo, amalume atabwera ku Khirisimasi, tinali pansi pa mtengo wa mango. Amalume anali pa ndalema, bambo pachitsa, amayi akusenda chinangwa cha makaka.

"Alamu," anatero amalume, "inu mumati mumadziwa nsomba. Munaionapo nsomba ya mlomo wa chinkhwe?"

"Mbalame ndinaziona," anayankha bambo. "Nsomba ndinaziona. Zimene mumaona inu mukamwa za ku Nacala ndiye sindinazione."

Amalume sanakwiye. Anakhazikika bwino pampando n'kuyamba kufotokoza. Anati nsombayo kutalika kwake ndi kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, zina kuposa mkono wonse. Thupi lake ndi lobiriwira ngati tsamba la chimanga chothira feteleza, koma kubiriwirako kumapita kukasanduka buluu chakumchira. Ananditembenukira ine.

"Iwe telala undimvetsa. Mamba ake onse ali ndi mpendero wa pinki m'mphepete. Onse, palibe oiwalika. Kumaso kwake kuli mizere ngati wina anaijambula ndi penti asanaledzere."

Anati mano ake anamatana onse n'kukhala mlomo umodzi wolimba, wapamwamba ndi wapansi, ndipo ndi mlomo umenewo imaluma miyala. Miyala ya kumeneko akuti ndi yamoyo, imamera pansi pa nyanja ndi nthambi ngati zitsamba, ndipo imamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono. Pamiyalapo pamamera ndere. Nsombayo imafuna nderezo, koma popala imameza ndi mwala womwe. Pakhosi ili ndi mano ena, chigayo chake, amene amapera mwalawo, ndipo ukamatuluka kumbuyo umatuluka uli mchenga woyera. Mchenga wambiri umene alendo amayalapo matawulo kugombe unadutsa m'mimba mwa nsomba zimenezi.

Bambo anaganiza pang'ono.

"Ndiye kuti azungu amakwera ndege kudzagona pa ndowe za nsomba."

"Eya."

"Imeneyo yokha ndaikhulupirira."

Amalume anapitiriza. Anati dzuwa likalowa nsombayo imalowa m'phanga, n'kutulutsa mamina ambiri amene amaikuta thupi lonse ngati thumba, ndipo imagona m'menemo kuti adani asamve fungo lake ndiponso kuti tizilombo tisailume. Bambo anafunsa ngati neti yakeyo imalandirira kusikelo pamodzi ndi amayi oyembekezera. Kenaka amalume ananena chimene anasungira kumapeto. Anati zambiri mwa nsombazi zimayamba moyo zili zazikazi, zofiirira, zosaoneka bwino, zoyenda m'gulu pambuyo pa yaimuna imodzi. Yaimunayo ikafa, yaikazi yaikulu pagulupo imasanduka yaimuna, thupi lonse, n'kuvala mitundu ija.

Amayi sanasiye kusenda.

"Chachilendo n'chiyani pamenepo, achimwene?" anatero. "Kuno akazi timasanduka amuna dzinja lililonse. Kungoti mitunduyo satipatsa."

Bambo anadzuka pachitsa n'kusasa thalauza.

"Alamu, ndinu mwini mbumba. Sindingakutchuleni wabodza pamudzi panu. Ndingoti m'kamwa mwanu ndi motakasuka."

Amalume anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi. Bambo anachiyang'ana ndi diso limodzi n'kunena kuti foni ya mnzawo wina inawaonetsapo mbuzi itavala suti ikuyendetsa galimoto. Pamenepo amalume analumbira pamaso pa mlongo wawo kuti Khirisimasi yotsatira adzaibweretsa nsombayo, bambo adzaigwire ndi manja.

Tinkayesa aiwala. Anthu ambiri amalonjeza zinthu pa Khirisimasi. Koma chaka chitatha amalume anaimba foni ali ku Nampula kuti ali m'njira, ndipo kanthu kaja kali m'bokosi la ayezi pamiyendo pawo. Amayi anauza mnzawo mmodzi yekha wa kuchigwirizano, mwachinsinsi, motero pofika masana a tsiku lofikalo pabwalo pathu panali anthu ngati pali chinkhoswe.

Ulendo wochokera ku Nacala si wa nsomba yaiwisi. Pali basi ya ku Nampula, pali ina ya ku Mocuba, pali kudikira kuti ya ku Milange idzaze, pali kugona panjira. Ayezi woyamba anatha, anagula wina, nayenso anatha, ndipo ku Milange sanamupeze. Atawoloka malire pa Muloza anakwera njinga yamoto, dzuwa la Disembala lili paliwombo, msewu uli matope. Anafika bokosilo atalikumbatira ngati mwana wodwala.

Sanalitsegule nthawi yomweyo. Analiika patebulo pansi pa mango, anakasamba, anavala malaya oyera a kuntchito, n'kubwera kudzalankhula mawu. Anafotokoza za kukula kwa nyanja yamchere, za umbuli umene umagwira anthu osayenda, ndi za kuleza mtima kwawo. Sanatchule dzina la munthu. Bambo anali chapatali akukonza tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto lililonse.

Atatsegula, chinayamba kutuluka ndi fungo. Azimayi a kutsogolo anabwerera m'mbuyo n'kuponda a kumbuyo. Agalu a mudzi wonse anafika mwaulemu n'kukhala pansi. M'bokosimo munali madzi ofunda, ndipo m'madzimo munali nsomba yotuwa, yobiriwira mwa apo ndi apo, ngati chitenje chimene chachapidwa kumtsinje kwa zaka n'kuiwalika padzuwa. Mitundu ya nsombazi imazilala ikafa, ndipo iyi inali itafa mokwanira. Ine ndinatseka mphuno ndi nsalu n'kuwerama kufunafuna mpendero wa pinki uja. Ndinaupeza pang'ono kuseri kwa chipsepse cha m'mbali, pamene madzi sanafike bwino, kachidutswa kosakwana chikhadabo. Mayi wina woyandikana nafe anati ndi makumba amene atupa. Wina anati wasiya mphika pamoto.

Bambo anapukuta manja n'kubwera. Anazungulira tebulo monga ankachitira kugombe, osafulumira. Anadina chala pamimba pa nsombayo, ndipo dzenje linatsala pomwepo.

"Alamu, mwawolotsa maliro."

Koma mlomo unalipo. Umenewo sunazilale. Unali wolimba, wosalala, wogawika pakati, wofanana ndi wa chinkhwe moti munthu ukanayembekeza kuti ulankhula. Bambo anaugogoda ndi mpeni ndipo unalira ngati mbale yadothi. Anagogodanso. Kenaka anaitumbula okha, popeza ntchito imeneyo sakanaisiyira wophikira azungu. M'matumbo munatuluka phala loyera. Analifikisa pakati pa zala ndipo tonse tinamva kukhukhuluza kwa mchenga. Anapisa chala kukhosi n'kutulutsa tifupa tokhala ndi mano m'mizere, ngati chimanga pachitsononkho. Anayang'ana tifupato nthawi yaitali.

"Mlamba nawonso umadya matope," anatero pomaliza.

Amayi anati nsombayo yaonedwa, tsopano ikwiriridwe kudzala, mozama. Amalume anati ndi nsomba yodula, alendo amaidya ndi mandimu, ndipo kafungoko ndi ka nyanja chabe, anthu a kumtunda sangakadziwe.

"Ngati ndi ndiwo, idyani tione," anatero bambo.

"Tidyere limodzi, alamu. Kapena katswiri wa nsomba zonse akuopa nsomba?"

Amayi anakaniza mapoto awo. Amalume anabwereka chiwaya kwa mnyamata wokazinga tchipisi kumsika, n'kuphika okha ndi adyo, mandimu ndi tsabola wochuluka moti ntchentche zinasamuka. Anakhala awiriwo patebulo moyang'anizana, mbale ya mpunga pakati. Mnofu wake unali woyera, wofewa kwambiri, wosafuna mano.

"Ikukoma," anatero amalume, maso ali misozi.

"Ilibe vuto," anatero bambo.

Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kusamba m'manja. Palibe anayamba. Anaimaliza yonse, ndi mutu womwe.

Kutacha linali tsiku la Khirisimasi, ndipo pakhomo pathu panali chimbudzi chimodzi. Ine ndinabwera m'mawa kudzatenga amayi kuti tipite kutchalitchi, n'kupeza akuluakulu awiriwo ataima pakhomo pa chimbudzicho, aliyense atagwira pamimba, akupatsana ulemu umene sindinaumvepo chibadwire.

"Yambani ndinu, alamu. Ndinu mwini mudzi."

"Ayi, inu ndinu wamkulu. Komanso munakumba ndinu."

Ulemuwo sunakhalitse. Amalume analowa, bambo anathamangira m'munda wa nandolo, liwiro limene mawondo awo ankati sangathe. Amayi anasungunula mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, anaika jagi ndi makapu awiri pamphasa, anamanga duku, n'kundiuza kuti tizipita, Yesu sabadwa kawiri pachaka. Titabwerako tinawapeza atagona pamphasa imodzi, mitu ili pamodzi ngati mapasa. Amayi anakhala pa ndalema tsiku lonse, akulandira alendo ndi kuwafotokozera ndi nkhope yachisoni kuti akatswiri awo onse awiri agonekedwa ndi nsomba imodzi.

Tsiku lotsatira zinafika poipa. Bambo maso analowa m'kati, amalume sankatha kuima. Kuseka kunatha. Mwamuna wanga anapeza njinga zamoto ziwiri, ndipo tinawatengera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, aliyense ali pakati pa woyendetsa ndi womugwira. Anawagoneka pamabedi oyandikana n'kuwaika madiripi. Amayi anakhala pakati atagwira phazi la mwamuna wawo ndi dzanja limodzi, la mlongo wawo ndi linalo.

Dokotala anali mnyamata waulemu. Madzi atayamba kulowa m'thupi anabwera kudzafunsa chimene anadya. Anayankha ndi bambo.

"Nsomba."

"Ya mtundu wanji, bambo? Matemba?"

"Matemba sangandichite chonchi ine. Ya kunyanja yamchere. Ya mlomo wa chinkhwe. Imadya miyala."

Dokotala anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana amayi monga amachitira anthu akaganiza kuti wodwala wayamba kubwebweta. Bambo anaona kumwetulirako. Anadzuka pachigongono, diripi ikugwedezeka.

"Mukuseka chiyani, mwana wanga? Ndaitumbula ndekha. Ili ndi chigayo pakhosi. Imanya mchenga. Imagona m'thumba la mamina, ndipo ikatopa ndi ukazi imasanduka yaimuna. Inu mwaphunzira, koma simunayende."

Pabedi linalo amalume anatseka maso n'kupinda manja pachifuwa, ngati munthu amene akumvetsera kwaya. Sindinawaonepo atakhutira chotero, ngakhale anali ndi beseni pansi pa bedi.

Anatuluka onse ali moyo, ataonda. Bambo anati sakukumbuka kuti analankhula chilichonse kuchipatala, ndipo ngati analankhula ndiye kuti anali malungo.

Panapita zaka zingapo. Amalume anadwala matenda a shuga, miyendo inayamba kutupa, ndipo ntchito yoimirira m'khitchini inawakanika. Amayi ananditumiza ine kuti ndikawatenge, popeza ndinali nditazolowera kuwoloka malire kukagula nsalu ku Milange. Ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, katundu atamanga kale. Anati sitinyamuka ndisanalowe m'madzi. Ndinawakumbutsa kuti madzi akuya amene ndimawadziwa ine ndi a m'ndowa. Anati zimenezo si nkhani.

M'mawa mwake mnzawo wina woyendetsa bwato la alendo anatitenga. Anandiveka chovala choyandamitsa, magalasi okuta maso ndi mphuno, ndi kapaipi kopumira kamene kanali katalumidwa kale ndi anthu a mayiko ambiri. Amalume anatsala m'bwato, miyendo ataisanjika pachigubu. Ine ndinatsika nditagwira chingwe ndi manja onse awiri, ndikupemphera mwachidule.

Nditaviika nkhope, choyamba ndinamva phokoso. Sindinkadziwa kuti pansi pa madzi pamamveka kanthu. Kunali kukukuta, ngati mbuzi yapeza makaka pathandala. Ndinayang'ana kumene kunkachokera, ndipo nsomba ija inali pomwepo, mutu pansi, mchira m'mwamba, ikuluma mwala. Pamene yaluma pankatsala chipsera choyera.

Ndakhala ndikusoka kwa zaka zambiri, ndipo nsalu za m'misika ya kuno ndi ya kutsidya ndazigwira zonse. Kubiriwira kuja sindinakuonepo pansalu. Kunkasintha nsombayo ikatembenuka, apa kobiriwira, apa buluu, chakumimba kotumbuluka ngati papaya wosapsa. Mpendero wa pinki unalipo pa mamba onse, wowongoka kuposa wanga. Kuchokera pakamwa kupita kudiso kunali mizere, ndipo diso lenilenilo linali laling'ono, lachikasu, lopanda chidwi ndi ine. Sinkasambira ndi mchira ngati nsomba za kwathu. Inkapalasa ndi zipsepse za m'mbali ngati mbalame youluka mwaulesi. Pambali pake panali zinzake zofiirira, zazikazi zija, zikudya mwakhama popanda wozijambula. Kenaka yokongolayo inanyamuka, ndipo ikupita inasiya kumbuyo mtambo woyera umene unatsika pang'onopang'ono n'kukakhala pansi.

Ndinaseka, n'kuiwala kuti ndili ndi paipi m'kamwa. Ndinamwa nyanja yamchere yokwana kapu, ndipo anandikokera m'bwato ndikutsokomola ndi kusanza. Amalume sanafunse ngati ndili bwino.

"Waiona?"

"Ndaiona, amalume."

"Ukawauze bambo ako."

Tinafika kumudzi bwinobwino. Abale anawamangira amalume kanyumba kumbuyo kwa nyumba ya amayi. Bambo sanandifunse kanthu pamaso pa anthu. Anadikira mpaka tsiku lina atabwera kumsika ndi thalauza loti ndiwachepetsere m'chiuno. Anakhala pabenchi, akuyang'ana anthu odutsa.

"Ndiye ndi yobiriwiradi?"

"Kwambiri, bambo. Amalume anachepetsa pofotokoza."

"Ndi mchenga womwe?"

"Ndinauona ukutuluka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Koma siwambika. Siyanikika. Singafike pamsika uno ili ndiwo. Nsomba yosatha kuyenda panjinga ndi ya ntchito yanji?"

Ndinati sindikudziwa, n'kupitiriza kupalasa makina.

Onse awiri alipo mpaka lero, pabwalo limodzi, chaka chonse. Wina sayenda chifukwa cha mawondo, wina chifukwa cha mapazi, motero palibe angathawe mnzake akayamba kulankhula. Amayi amawaphikira nyemba za kalongonda n'kupita kumunda kuti makutu apume. Nditapitako sabata yatha ndinawapeza atakwiyitsana kwambiri pa nkhani ya chimene chimakhala m'linunda la ngamila, nyama imene onse awiri sanaionepo.